Mawu a Chingerezi ofanana zilembo tisamangowaunjika pamodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mindandanda ya mawu a Chingerezi imene ana athu akupatsidwa kuti aloweze, kaya pa bolodi, m'timabuku tokonzekera mayeso, ngakhalenso pa masamba a ophunzira m'manyuzipepala. Ndikunena mindandanda ija yosonkhanitsa mawu chifukwa choti ali ndi zilembo zofanana: lero mawu othera ndi "ight", mawa okhala ndi "ough", mkuja oyamba ndi "kn". Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo njira imeneyi ndimaikonda. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri okonza mindandandayi amangoona ndi maso, satchula mawuwo mokweza kuti amve, ndipo samuuza mwana chifukwa chimene zilembozo zikupezekera pamenepo. Mwana amatenga pepalalo n'kukhulupirira kuti zilembo zofanana zimamveka mofanana. M'Chingerezi zimenezo zimatheka nthawi zina, koma kawirikawiri chimene zilembo zofananazo zikusonyeza ndi kumene mawuwo anachokera komanso ubale wa matanthauzo awo.

Mwana wokhulupirira zilembo sitingamudzudzule, chifukwa Chichewa chinamuphunzitsa kutero. Malembo athu a liwu alipo asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pamene laima. Mwana akangodziwa maphatikizo, amawerenga ngakhale mawu amene sanawaonepo. Chingerezi chili ndi zilembo 26 koma maliwu ake ndi pafupifupi 44, ndipo pafupifupi 20 mwa amenewa amalembedwa ndi malembo a liwu asanu omwewo, okha kapena ophatikizana ndi zilembo zina. Kuwonjezera apo, zilembo zina zimene mwana anazizolowera kwathu zimagwira ntchito ina kumeneko. Iye amadziwa "ph" wa phiri ndi phewa, ndiye akaona phone kapena elephant pakamwa pake pamatuluka liwu lomwe lija. Amadziwa "th" wa thupi, pamene Chingerezi chili ndi "th" muwiri, wa thin ndi wa this, ndipo onsewo kwathu kulibe. Amadziwa "mb" wa mbuzi, ndiye comb amati kombu, climb amati kilaimbu, osadziwa kuti "b" ameneyo satchulidwa.

Kumene mtima umandipwetekera kwambiri ndi pa "ough". Ndimakumbukira mtsikana wina wakhama wa m'makalasi omalizira a pulayimale amene anapatsidwa mawu awa pamzere umodzi: though, through, tough, cough, plough, thought, thorough. Anamutchulira mawu oyambawo, iye n'kuwerenga otsalawo potsatira omwewo. Tough anati "to", cough anati "ko". Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo mphunzitsi amene anali kutsogolo anamunena kuti ndi waulesi. Mwanayo sanali waulesi ayi. Anachita chimene mwana wanzeru aliyense amachita: anamva lamulo, n'kuligwiritsa ntchito. Kuchokera tsiku limenelo dzanja lake silinkakweranso nthawi ya kuwerenga. Wolakwa anali amene anaika mawu asanu ndi awiri pamzere umodzi osanena kuti muli maliwu asanu ndi awiri. Though amamveka ngati go, through ngati blue, tough ngati stuff, cough ngati off, plough ngati cow, thought ngati caught, ndipo thorough amathera ndi liwu lofooka ngati la kumapeto kwa sofa. Mndandanda wotere umakongola papepala, koma paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ngakhale mayina a malo a ku England komweko ali ndi vuto lomweli. Slough amamveka ngati cow, Middlesbrough amathera ndi liwu lofooka lija, ndipo Loughborough ali ndi "ough" kawiri m'dzina limodzi, koyamba ngati mu tough, kachiwiri ngati mu thorough. Eni ake amaphunzira mayina amenewa ndi khutu, osati ndi maso.

Nanga "gh" ameneyu anachokera kuti? Funso limeneli ana amafunsa, ndipo yankho loti "ndi mmene Chingerezi chilili" limapha chidwi. Yankho lenileni lilipo, ndipo n'lokoma. Kalekale "gh" ankatchulidwa. Linali liwu lotuluka kukhosi, lija anthu a ku Scotland akadali nalo m'mawu akuti loch. Mu Chingerezi chakale usiku unkalembedwa niht, ndipo "h" ameneyo ankamveka. Anormani, anthu ochokera kumpoto kwa dziko la France, atagonjetsa England mu 1066, kalembedwe kanasintha pang'onopang'ono, ndipo m'zaka zotsatira alembi anayamba kulilemba liwulo ndi "gh". Chijeremani, chimene ndi chiyankhulo chapachibale ndi Chingerezi, chinalisunga mpaka lero: night ndi Nacht, light ndi Licht, eight ndi acht, daughter ndi Tochter, laugh ndi lachen. M'Chingerezi liwulo linatha. M'mawu ena linangozimirira, monga mu night ndi daughter, pomwe m'mawu ena linasanduka "f", monga mu laugh, rough ndi enough.

Chimene chinachititsa kuti zilembo zitsale pomwe liwu lapita ndi makina osindikizira mabuku. William Caxton anakhazikitsa makina ake ku Westminster, dera limene lero lili mu mzinda wa London, mu 1476, ndipo kuchokera pamenepo masipelo anayamba kukhazikika papepala. Koma nthawi yomweyo pakamwa pa Angerezi pankachitika kusintha kwakukulu. Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700, katchulidwe ka maliwu aatali kanasuntha pafupifupi konse; katswiri wa ziyankhulo wa ku Denmark, Otto Jespersen, ndi amene anakutcha kusinthaku Great Vowel Shift. Pofika 1755, pamene Samuel Johnson anatulutsa dikishonale yake yotchuka, masipelo ambiri anali atauma kale, akusonyeza mmene anthu ankalankhulira zaka mazana angapo m'mbuyomo. Ndiye mwana akamalemba knee, knife, knock ndi knot, akulemba "k" amene makolo a Angerezi ankamutchuladi, monga Ajeremani amachitira mpaka pano ponena Knie.

Kusintha komweku ndi kumene kunabalalitsa gulu la "ea". Meat ndi meet kale ankamveka mosiyana, n'chifukwa chake analembedwa mosiyana. Mawu ambiri a "ea" anasuntha n'kukafanana ndi a "ee": seat, beat, clean, teach. Ena liwu lawo linafupika: bread, head, dead. Atatu odziwika anatsalira panjira: great, break, steak. Kukabwera "r" zinthu zimasokonekeranso, chifukwa hear, bear, heart ndi learn onse ndi osiyana. Wokonza mndandanda wa "ea" amene sanagawe magulu amenewa wamupatsa mwana chisokonezo, osati thandizo.

Sindikunena kuti magulu onse ndi osadalirika. Gulu la "ight" ndi limodzi mwa okhulupirika: light, night, right, fight, might, sight, tight, bright, flight, slight. Mwana akadziwa amodzi wadziwa onse, ndipo chimwemwe chake chimaonekera pankhope. Chofunika n'kungomuchenjeza kuti chilembo china chikabwera patsogolo pa "i" zinthu zimasintha: eight, weight ndi freight ali kwawo, straight amamveka ngati iwowo ngakhale walembedwa mwina, pomwe height, ngakhale amaoneka ngati weight, amamveka ngati light. Gulu limeneli lili ndi phindu linanso kwa ife. M'Chichewa "l" ndi "r" sasiyanitsa tanthauzo. Timalemba "r" pambuyo pa "i" ndi "e" ndipo kwina konse timalemba "l". M'Chingerezi light ndi right ndi mawu awiri, flight ndi fright ndi awiri, blight ndi bright ndi awirinso. Ine ndinkawaika moyandikana dala, n'kumawatchula mwana atatseka maso, iye n'kumaloza amene wamva. Mndandanda wa "ight" wosalabadira zimenezi wataya mwayi waukulu kwa mwana wolankhula Chichewa.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kutenga cholembera. Phindu lalikulu la zilembo zofanana lili pa tanthauzo, ndipo mbali imeneyi siiphunzitsidwa n'komwe. Taonani mawu akuti two. Ana ambiri amalemba tow, kapena to, kapena too, ndipo pa lembetso amalakwa chaka ndi chaka, chifukwa "w" ameneyo samveka ndipo palibe amene anawauza ntchito yake. Koma lembani pa bolodi twin, twice, twelve, twenty, between. Onsewa ali ndi "tw", ndipo onsewa ali ndi ziwiri m'kati mwake: mapasa ndi ana awiri, twice ndi kawiri, twelve ndi khumi ndi ziwiri, twenty ndi makumi awiri, between ndi pakati pa zinthu ziwiri. Ngakhale twine, chingwe chija, n'chopota kuchokera ku ulusi uwiri. M'mawu onsewa "w" amamveka, ndipo mu two anangosiya kutchulidwa. Mwana amene waona zimenezi sadzalembanso tow, ndipo sanaloweze kanthu, wangomvetsa.

Chimodzimodzinso one. Mawuwa amamveka ngati ayamba ndi "w", ndipo ana amadabwa. Koma alone anachokera ku all ndi one, atone anachokera ku at ndi one, only ndi none nawonso ndi a banja lomweli, ndipo mu alone, atone ndi only mukumveka katchulidwe kakale ka one. Sign ali ndi "g" wosatchulidwa, koma "g" yemweyo amamveka bwinobwino mu signal ndi signature. Bomb ali ndi "b" wachete amene amadzuka mu bombard. Crumb ali ndi crumble, thumb ali ndi thimble. Muscle ali ndi muscular, column ali ndi columnist. Heal ndi health amamveka mosiyana koma "ea" akutiuza kuti ndi amodzi, monganso mean ndi meant. Chikhala kuti Angerezi analemba health monga momwe amamvekera, ubale wake ndi heal ukanabisika. Apa m'pamene ndimatsutsana ndi onena kuti masipelo a Chingerezi ndi amisala. Ovuta ndi ovutadi, koma ambiri ali ndi chifukwa.

Mawu ofunsira nawo ali pagulu limodzi: what, when, where, why, which, who, whose. Kale ankalembedwa ndi "hw", kenako zilembozo zinasinthana malo. Mwana akadziwa kuti mawu ofunsira ambiri amayamba ndi "wh", sasokonezanso where ndi wear, kapena which ndi witch. Ndipo here, there ndi where, ngakhale here amamveka mosiyana ndi anzakewo, onse amanena za malo ndipo onse ali ndi "here" m'kati. Njira imeneyi yathandiza ana ambiri kusiyanitsa there ndi their.

Zilembo zina zimaulula dziko limene mawu anachokera. "Ch" ali ndi maliwu atatu. M'mawu monga child, church ndi chair amamveka pafupifupi ngati "ch" wathu. M'mawu ochokera ku Chigiriki amamveka ngati "k": school, chemist, character, Christmas, stomach, echo. M'mawu amene analowa mochedwerapo kuchokera ku Chifalansa amamveka ngati "sh": machine, chef, brochure, parachute. "Ph" womveka ngati "f" kawirikawiri amasonyeza Chigiriki, n'chifukwa chake amachuluka m'mawu a maphunziro ndi sayansi: photograph, alphabet, physics, pharmacy, geography. Koma mu shepherd ndi uphill mulibe "f". Mmenemo mwangokumana mawu awiri, ena othera ndi "p" ena oyamba ndi "h". Kwa ophunzira a sekondale, matsinde a Chilatini ndi chuma chenicheni. "Port" ndi kunyamula: transport, import, export, porter, portable. "Spect" ndi kuyang'ana: inspect, spectator, spectacles, suspect. "Dict" ndi kunena: predict, dictation, contradict, verdict. Wophunzira amene wadziwa tsinde limodzi amatha kulota tanthauzo la mawu amene wakumana nawo koyamba m'chipinda cha mayeso.

Palinso magulu ena odabwitsa amene katswiri wa ku Britain, J. R. Firth, analembapo mu 1930. Mawu ambiri oyamba ndi "gl" amanena za kuwala: glow, gleam, glitter, glisten, glimmer, glare. Ambiri oyamba ndi "sn" amakhudza mphuno: sneeze, sniff, snore, snort, snout. Ambiri oyamba ndi "wr" amanena za kupota kapena kupinda: wring, wrist, wrestle, wrench, wrinkle, wreath, ndipo wrong amene poyamba ankatanthauza chinthu chokhota. Ana amakonda kwambiri magulu amenewa, mwina chifukwa ife a Chichewa tinazolowera mawu omveka ngati chimene akunena, monga ng'aning'ani ndi phethiphethi. Koma apa ndipempha kusamala. Limeneli si lamulo. Glove ndi glue alibe chochita ndi kuwala, snow ndi snake alibe chochita ndi mphuno. Mwana auzidwe kuti n'chothandizira kukumbukira basi, kuopa kuti angagwerenso m'dzenje lomwe lija la kukhulupirira zilembo mopitirira.

Chilungamo chifuna kuti ndinenenso kuti zilembo zina anaziikamo ndi anthu ophunzira, ndipo sizitchulidwa. Debt ndi doubt analowa kuchokera ku Chifalansa opanda "b". Akatswiri anamuwonjezera pofuna kusonyeza mawu a Chilatini debitum ndi dubitare. Island analibe "s". Anamuikamo poganiza molakwa kuti ndi wachibale wa isle. Could analibe "l". Anamutengera kwa would ndi should. Delight analibe "gh". Anamufananiza ndi light. Whole analibe "w", ndipo abale ake enieni ndi heal ndi health, osati who. Zoterezi mwana wamkulu akazimva amamasuka, chifukwa amadziwa kuti vuto silili m'mutu mwake.

Malamulo oimba aja nawonso tiwaone bwino. Lodziwika kwambiri ndi lija loti "i" amatsogolera "e" pokhapokha patsogolo pali "c". Limagwira pa believe, field, receive ndi ceiling, koma limagwa pa weird, seize, protein, science, ancient ndi society. Mu 2009 malangizo a boma opita kwa aphunzitsi a pulayimale ku England ananena kuti lamuloli si loyenera kutaya nalo nthawi. Ngati eni chiyankhulo analiona choncho, ife tikulikakamiriranji? Ndi bwino kuphunzitsa kagulu kochepa ka receive, deceive, conceive, perceive, receipt ndi ceiling pakokha.

Ena adzati zonsezi n'zolemetsa kwa mwana wamng'ono. Sindikuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri aloweze 1066 kapena dzina la Caxton. Wofunika kudziwa mbiriyi ndi mphunzitsi ndi wolemba buku. Kwa mwana chiganizo chimodzi chimakwana: "Kale ankamutchula, pano anasiya, koma timamulembabe." Ndaonapo ana aang'ono akusangalala kutchula "k" wa knee mwadala polemba, n'kumusiya powerenga. Ena adzati bola mwana aloweze, adzamvetsa akakula. Amene amanena zimenezi saona ana amene amagwa ulesi panjira, n'kuyamba kudana ndi phunziro limene adzalembere pafupifupi mayeso ena onse.

Pali vuto lina la masiku ano. Ana akuwerenga kwambiri pa foni ndi pa intaneti, kumene masipelo a ku America ndi a ku Britain asakanikirana. Noah Webster, amene dikishonale yake yaikulu inatuluka mu 1828, anathandiza kukhazikitsa ku America masipelo monga color, center ndi plow, pomwe ku Britain amalemba colour, centre ndi plough. Mwana akalemba color sanapeke, waona penapake. M'malo momudula ndi cholembera chofiira osanena kanthu, tiyeni timusonyeze kuti colour, favour, labour ndi neighbour ndi gulu limodzi, centre, metre, litre ndi theatre ndi gulu lina, ndipo magulu onsewa ali ndi kalembedwe kawiri, koma iye asankhe kamodzi n'kukhala nako. Koma nite, thru ndi tho za m'mauthenga a pafoni auzidwe mosapita m'mbali kuti m'kope ndi pamayeso sizilowa.

Pempho langa kwa inu akonzi, ndi kwa onse okonza masamba a ophunzira, ndi ili. Musanasindikize mndandanda, wina autchule mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati muli maliwu awiri, mizere ikhale iwiri, ndipo pamutu pa mzere uliwonse pakhale mawu amodzi osavuta amene mwana akuwadziwa kale. Mawu aliwonse akhale ndi chiganizo chake, chifukwa tear wa misozi ndi tear wa kung'amba, kapena read wa lero ndi read wa dzulo, sangazindikirike ali okhaokha. Pansi pake pakhale mzere umodzi wonena chifukwa chake, ngati chikudziwika. Ndipo "ough" asatuluke yense tsiku limodzi. Yambani ndi bought, brought, fought, sought ndi thought, chifukwa onsewa amamveka mofanana ndipo onsewa ndi aneni a nthawi yakale amene mwana amawafuna tsiku lililonse. Sabata ina mubwere ndi rough, tough ndi enough. Though ndi although akhale ndi dough, plough akhale ndi bough ndi drought, cough akhale ndi trough. Through alibe mnzake pakati pa mawu a tsiku ndi tsiku, choncho aphunzitsidwe payekha limodzi ndi throughout, patapita masiku kuchokera pamene mwana waphunzira though ndi thought, chifukwa atatuwa ndi amene amasokonezedwa kwambiri pa lembetso.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito